Khoma Likada ndi Nkhungu, Wolakwa Ndani?

Kuyambira pa 27 Okutobala 2025, munthu wokhala m'nyumba ya khonsolo ku England akadandaula kuti khoma la kuchipinda kwake lachita nkhungu, eni nyumba sangangoti "tamva, tibwera" n'kukhala phee mpaka chaka kutha. Tsopano lamulo likuwawerengera masiku. Lamuloli limatchedwa Awaab's Law, ndipo Awaab amene akutchulidwayo anali mwana wa zaka ziwiri.

Nkhungu imene ndikunena pano si ija ya m'mawa yophimba phiri la Zomba ayi, ngakhale kuti imeneyonso kuno siisowa. Ndikunena ija imamera pa buledi wokhalitsa, ena amati chuku. Kuno imamera pakhoma. Imayamba ngati timadontho takuda pakona ya zenera kapena kuseri kwa wadiropu, kenako imayanga mpaka kudenga. Fungo lake limalowa m'zovala, m'matiresi, ngakhale m'chikwama cha mwana cha kusukulu. Munthu wokhala m'nyumba yoteroyo umam'dziwira m'basi ndi fungo la jekete, ndipo iyenso amadziwa kuti wam'dziwa.

Ine ndakhala kumpoto kwa England zaka zambiri ndithu, ndipo ntchito yanga ndi yosamalira okalamba m'makomo mwawo. Choncho pa mlungu ndimalowa m'nyumba zambiri, zina zabwino, zina zoti ukatuluka umayamba wapuma kaye mpweya wa panja. Inenso ndimakhala m'fulati ya lendi ya bungwe lina la nyumba. Abale kumudzi akamva kuti munthu ali ku UK, m'maganizo mwawo amaona nyumba yoyera mbee, yofunda, ya kapeti. Ndikawauza kuti kuno kuli ana amene akudwala chifuwa chifukwa cha khoma la chipinda chimene amagona, amati ndikufuna kuwaopseza kuti asabwere.

Nyumba zake n'zotani?

Kwathu tikati "nyumba za Housing" aliyense amadziwa kuti tikunena zija za Malawi Housing Corporation, za ku Nkolokosa, ku Chitawira kapena ku Area 18. Za kuno n'zofanana nazo pang'ono, kungoti cholinga chake chenicheni n'kuthandiza anthu opeza movutikira. Zina eni ake ndi makhonsolo, zina ndi za mabungwe osachita malonda otchedwa housing association. Lendi yake ndi yotsika kwambiri poyerekeza ndi ya alandilodi wamba, ndipo ukalowamo sungatulutsidwe mwachisawawa. Ku England kokha nyumba zoterezi zilipo pafupifupi 4 miliyoni, ndipo banja limodzi pa mabanja 6 alionse limakhala m'nyumba yotere. Koma amene akudikira pamzere ndi mabanja oposa 1.3 miliyoni. Nambala yomalizayi muisunge, chifukwa ndi imene imatseka anthu pakamwa. Munthu amene wadikira zaka zambiri kuti apatsidwe makiyi salimba mtima kudandaula za khoma.

Zimene zinachitika ku Rochdale

Rochdale ndi tauni ya pafupi ndi Manchester. Kumeneko, pamalo otchedwa Freehold, m'fulati ya chipinda chimodzi chogona, munkakhala a Faisal Abdullah ndi akazi awo a Aisha Amin, ochokera ku Sudan. Eni nyumbayo anali bungwe la Rochdale Boroughwide Housing. Mu 2017, mwana asanabadwe n'komwe, a Abdullah anakauza bungweli kuti m'nyumbamo muli nkhungu. Anauzidwa kuti apakepo penti. Anapakadi, kangapo konse, koma nkhungu siopa penti. Imangobisala pang'ono n'kutulukiranso.

Awaab anabadwa mu Disembala 2018. Ankadwaladwala chifuwa ndi chimfine, ndipo makolo ake ankapita naye kuchipatala pafupipafupi. Mu 2020 banjali linapeza maloya. Apa m'pamene pali chinthu chimene chimandiwawa kwambiri ndikachiganizira: bungwelo linali ndi chizolowezi choti nkhani ikafika kwa maloya, ntchito yokonza iziyamba yaima mpaka mbali ziwirizo zitagwirizana. Ndiye kuti kudandaula mwamphamvu n'kumene kunachedwetsanso thandizo. Mu Julayi chaka chomwecho, wazaumoyo amene ankayendera mwanayo analembera bungwelo kalata yofotokoza nkhawa yake pa thanzi la Awaab. Palibe chinasintha. Pa 21 Disembala 2020, patangopita masiku 8 kuchokera pamene anakwanitsa zaka ziwiri, Awaab anamwalira.

Mu Novembala 2022, mayi Joanne Kearsley, amene anali woweruza wofufuza chimene chinachititsa imfayi, anagamula kuti mwanayo anafa ndi matenda aakulu a m'njira yopumira chifukwa chokhala nthawi yaitali m'nyumba ya nkhungu. Zinapezeka kuti m'fulatimo munalibe njira yokwanira yotulutsira mpweya wachinyezi, kubafa ngakhale kukhitchini. Zinapezekanso kuti ogwira ntchito m'bungwelo anangoganiza okha kuti vuto ndi kakhalidwe ka banjalo, makamaka kasambidwe kawo, osawafunsa n'komwe eni akewo. Makolo a Awaab ananena poyera kuti ankaona kuti sakumvedwa chifukwa ndi anthu obwera. Patapita masiku ochepa mkulu wa bungwelo, a Gareth Swarbrick, anachotsedwa ntchito. Nyuzipepala ya Manchester Evening News pamodzi ndi bungwe la Shelter anathandiza banjali kumema anthu, ndipo oposa 170,000 anasaina chikalata chopempha lamulo latsopano.

Nkhani ya kasambidweyo itatuluka, amayi a kwathu amene tili kuno tinayang'anizana. Ndani mwa ife sanasambirepo m'ndowa kubafa ya kuno? Ndani saphika nyemba maola awiri, nthunzi ili tolotolo m'khitchini? Tinadziwa kuti zikanakhala kuti ndi ife, akanatinenanso chimodzimodzi.

Kodi ndi mmene timakhaliramu?

Tiyeni tinene zoona zake, chifukwa apa m'pamene pagona mkangano wonse. Chinyezi cha m'nyumba chimabwera m'njira zitatu. China chimalowa kuchokera panja: denga lodontha, paipi yophulika mkati mwa khoma, ngalande ya padenga yotsekeka ndi masamba. China chimakwera kuchokera pansi, monga zimachitira nyumba za kudambo kwathu nthawi ya dzinja. Ziwirizi palibe angakanire wochita lendi. Chachitatu ndiye chovuta, chifukwa chimachokera mu mpweya wa m'nyumba momwemo.

Mukatulutsa botolo la Fanta m'firiji tsiku lotentha, limachita thukuta kunja. Madziwo sachokera m'botolomo ayi, amachokera mu mpweya. Mpweya wofunda umanyamula madzi ambiri, ndipo ukakhudza chinthu chozizira umawatula pomwepo. Khoma la fulati ya kuno mu Januwale limakhala ngati botolo lija. Anthu akamapuma, kuphika, kusamba ndi kuyanika zovala, madzi onsewo amakatera pakhoma lozizira kwambiri, ndipo nkhungu imapeza munda.

Ndiye alandilodi ankati: mwaona, ndi inuyo. Tsegulani mazenera, yatsani hita, musayanike zovala m'nyumba. Koma taganizani. Fulati ili pansanjika yachisanu, ilibe bwalo, kunja mvula ikuwaza mlungu wonse ndipo dzuwa likulowa 4 koloko isanakwane. Zovala za ana ayanike kuti? Kwathu khoma likanyowa m'dzinja timatsegula zitseko, matiresi n'kutulutsa padzuwa, pofika Meyi zonse zauma. Kuno dzuwa loti n'kuyanikapo matiresi limabwera mochedwa, ndipo silikhalitsa. Za hitazo, mitengo ya gasi ndi magetsi itakwera koopsa mu 2022, mabanja ambiri amene amagula mayunitsi ngati a ESCOM aja ankayatsa ola limodzi madzulo basi. Kumuuza munthu woteroyo kuti ayatse hita kwinaku atatsegula zenera kuli ngati kumuuza kuti atunge madzi m'dengu.

Maganizo anga ndi akuti nyumba imamangidwa kuti anthu azikhalamo, ndipo anthu amapuma, amaphika, amasamba. Nyumba imene imachita nkhungu chifukwa choti muli anthu ndi nyumba yolakwika. Si ine ndekha woganiza choncho. Mu Okutobala 2021, Awaab atamwalira kale koma nkhani yake isanamveke, ofesi ya Housing Ombudsman, imene imamva madandaulo a anthu okhala m'nyumba zoterezi, inatulutsa lipoti lonena kuti eni nyumba asiye kuloza chala kakhalidwe ka anthu. Mu Sepitembala 2023 boma nalo linalemba malangizo onena zomwezo, kuti udindo wopeza gwero la chinyezi n'kulikonza ndi wa eni nyumba. Izi sizikutanthauza kuti ife tizingokhala manja lende. Kuvundikira poto, kutseka chitseko cha kubafa posamba ndi kusiya kampata pakati pa wadiropu ndi khoma kumathandiza ndithu. Koma zimenezi sizingalowe m'malo mwa fani yotulutsa nthunzi imene kulibe.

Zinafika bwanji pamenepa?

Makhonsolo a ku Britain anayamba kumanga nyumba zambiri nkhondo yoyamba ya padziko lonse itatha, potsatira lamulo la mu 1919, ndipo anamanga zochuluka zedi itatha yachiwiri. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, pafupifupi banja limodzi pa atatu alionse linkakhala m'nyumba ya khonsolo. Zambiri mwa nyumba zosanja za m'ma 1960 zinamangidwa mothamanga, ndi makoma a konkire osasunga kutentha. Mu 1980 boma la mayi Margaret Thatcher linalola anthu kugula nyumba za khonsolo zimene ankakhalamo pamtengo wotsika. Ku England zinagulidwa pafupifupi 2 miliyoni, ndipo zomangidwa m'malo mwake zinali zochepa kwambiri. Mwachidziwikire, anthu anathamangira zabwinozo. Zotsala zambiri zinali zija zovuta kusamala.

M'chaka cha 2000 boma linakhazikitsa muyezo wotchedwa Decent Homes Standard, wonena zimene nyumba iyenera kukhala nazo kuti itchedwe yoyenera anthu: isakhale ndi choopsa chachikulu, ikhale yokonzedwa bwino, yofunda mokwanira, ndiponso khitchini ndi bafa zisakhale zamakedzana. Ndalama zambiri zinalowa, ndipo mabanja ochuluka analandira makhitchini atsopano ndi mazenera a magalasi awiri. Okalamba amene ndimawasamalira amaikumbukira bwino nthawi imeneyo. Koma muyezowo utakonzedwanso mu 2006, chidwi chinazirala. Kuyambira mu 2016 boma linalamula kuti lendi ya nyumbazi izitsika ndi 1 peresenti chaka chilichonse kwa zaka zinayi. Kwa ife olipira zinali zokoma, koma thumba lokonzera nyumba ndi lomwelo, ndipo linaphwa.

Kenako kunabwera Grenfell. Usiku wa pa 14 Juni 2017, moto umene unayambira pa firiji m'fulati ina unakwera nyumba ya nsanjika 24 ku London, kudzera m'zinthu zosachedwa kuyaka zimene anakutira kunja kwa khoma poikonza. Anthu 72 anafa. Nyumbayo inali ya khonsolo ya Kensington and Chelsea, dera limene lili m'gulu la olemera kwambiri m'dziko muno. Anthu okhalamo anali atachenjeza kale za ngozi ya moto, mobwerezabwereza, koma ankaonedwa ngati ovutitsa. Lipoti lomaliza la kafukufuku, limene linatuluka mu Sepitembala 2024 motsogoleredwa ndi Sir Martin Moore-Bick, linati imfa zonsezo zikanapeweka.

Mu 2021 wailesi ya kanema ya ITV inayamba kuonetsa mkati mwa nyumba zina za ku London, madzi akuchucha kudenga, makoma ali bii. Chaka chomwecho mnyamata wina wa ku Mitcham, Kwajo Tweneboa, amene bambo ake anadwala khansa mpaka kumwalira akukhala m'nyumba ya mbewa, mphemvu ndi chinyezi, anayamba kujambula nyumba za anzake n'kumaika pa intaneti. Chodabwitsa n'chakuti nyumba imene yakhala zaka osakonzedwa inkakonzedwa m'masiku ochepa zithunzi zikangofalikira. Ndiye kuti amisiri analipo, ndalama ya ntchito imeneyo inalipo. Chimene kunalibe ndi munthu womva.

Masiku amene lamulo lapereka

Zonsezi n'zimene zinabala lamulo la Social Housing (Regulation) Act, limene linavomerezedwa mu Julayi 2023. Lisanabwere, bungwe la boma loyang'anira eni nyumbazi, Regulator of Social Housing, linkayang'ana kwambiri mabuku a ndalama, ndipo pa nkhani ya mmene anthu akukhalira linkadikira kuti zinthu zifike poipa. Kuyambira mu Epulo 2024 limayendera eni nyumba akuluakulu, amene ali ndi nyumba 1,000 kapena kuposa, n'kuwapatsa magiredi kuyambira C1 mpaka C4, ngati ana asukulu. Magirediwo amaikidwa poyera, moti aliyense angathe kuona kuti eni nyumba yake anakhoza bwanji. Chindapusa chimene angalipitsidwe chilibenso malire.

Awaab's Law ndi gawo la lamulo lomweli, ndipo ndi limene limafika pakhomo pa munthu. Choopsa chikakhala chadzidzidzi, monga gasi wotuluka, mawaya a magetsi oopsa kapena nkhungu yoti ikuika moyo pangozi pompano, eni nyumba ayenera kufufuza ndi kuchotsa ngoziyo pasanathe maola 24. Chinyezi ndi nkhungu zikakhala zoti zingavulaze thanzi la wokhalamo, ayenera kudzaona pasanathe masiku 10 ogwira ntchito. Akamaliza kuona, ali ndi masiku atatu oti akupatseni kalata yonena zimene apeza, ndi masiku asanu oti achotse choopsacho. Ntchito yaikulu yoletsa kuti vutolo lisabwerenso iyenera kuyambika msanga, ndipo ikachedwa bwanji isapitirire milungu 12. Akalephera kuchotsa ngoziyo pa nthawi yake, akupezereni malo ena okhala, ndipo alipire ndi iwowo. Masiku amenewa tsopano ali ngati mbali ya pangano lanu la lendi, choncho akawaphwanya mungathe kuwatengera kukhoti.

Pali mfundo ina imene anthu ambiri saidziwa. Poyeza kukula kwa vuto, eni nyumba ayenera kuganizira amene akukhala m'nyumbamo. Nkhungu yomweyo imene kwa mnyamata wathanzi ingaoneke yaing'ono, kwa khanda, mayi woyembekezera, gogo kapena mwana wa mphumu ndi yoopsa. Choncho podandaula musamangoti khoma lada. Nenani kuti m'chipindamo mumagona ndani, wa zaka zingati, ndipo akudwala chiyani.

Boma linanena kuti mu 2026 lamuloli lifikanso pa zoopsa zina monga kuzizira kapena kutentha kopitirira, moto ndi malo ogwetsa anthu, ndipo mu 2027 pa zotsala zonse kupatula kuthithikana. Dziwaninso kuti limeneli ndi lamulo la England. Abale amene ali ku Scotland ndi ku Wales amayendera malamulo a kumeneko.

Mantha athu

Tili ndi gulu la chipereganyu la amayi a kwathu, ndipo timakumana m'nyumba mosinthana. Tsiku lina tinali kwa mayi wina amene ali ndi ana awiri. Nyumba inali yoyera bwino, fungo la Jik lili guu. Nditapita kukasiya jekete kuchipinda, ndinaona kuti wadiropu yaima pamalo achilendo, pafupi kutseka zenera. Kuseri kwake khoma linali lakuda kuyambira pansi mpaka m'chiuno. Pawindo panali kamankhwala kopopera m'kamwa ka mwana wamng'onoyo.

Tili awiri kukhitchini ndinawafunsa kuti, "Achemwali, kodi eni nyumba munawauza za khoma lija?"

Iwo anati, "Iii asisi, mukufuna anditulutse? Ndadikira zaka zingati kuti ndipeze pano? Ndimangopukuta Loweruka lililonse, basi."

Mantha amenewa ndimawamvetsa. Tinakula tikuuzidwa kuti mlendo sadandaula za ndiwo, ndipo ambiri tinazolowera alandilodi a kwathu amene ukawauza za denga lodontha amayankha kuti ofuna nyumbayi ndi ambiri. Palinso manyazi, poti nkhungu timaiona ngati umve, ndiye mayi amaopa kuti anzake amuseka. Ena amaopa kuti wazaumoyo akaona khomalo, a boma adzawalanda ana. Koma munthu amene ali ndi pangano lokhazikika m'nyumba ya khonsolo kapena ya bungwe sangatulutsidwe chifukwa chodandaula. Kuti atulutsidwe pamafunika chifukwa chovomerezeka ndi lamulo, ndiponso chigamulo cha khoti.

Tinakhala pansi tsiku lomwelo n'kulemba imelo. Akuluakulu amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo masiku aja amayamba kuwerengedwa eni nyumba akadziwa za vutolo. Foni ndi yabwino, koma mawu a pafoni amauluka. Tinajambula khomalo, tinalemba tsiku limene nkhungu inayamba kuoneka, zaka za ana, ndi zoti wamng'onoyo ali ndi mphumu. Tinapemphanso nambala ya dandaulolo. Mayiwo anagula kope la 50 pensi lolembamo tsiku lililonse limene waimba foni, amene walankhula naye ndi zimene walonjeza.

Eni nyumba akapanda kuchitapo kanthu, pali njira yodandaulira ya masitepe awiri imene aliyense wa iwo ayenera kukhala nayo. Pa sitepe yoyamba amayenera kuyankha m'masiku 10 ogwira ntchito atavomereza kuti alandira dandaulo, pa yachiwiri m'masiku 20. Zikakanika pamenepo mumapita kwa Housing Ombudsman, kumene simulipira kalikonse ndipo sipafunika loya. Chimodzi chokha ndimachenjeza aliyense: musasiye kulipira lendi pofuna kuwakhaulitsa. Mukatero mwawapatsa chifukwa chenicheni chokutengerani kukhoti. Samalaninso ndi anthu ogogoda pakhomo kapena oimba foni n'kumalonjeza chipukuta misozi cha nkhungu. Ambiri amafuna gawo lawo la ndalamazo, za khoma lanu alibe nazo ntchito.

Kwa mayi uja kunabwera munthu wodzayeza, ndi kachipangizo kake kogunditsa pakhoma. Anapeza kuti fani ya kubafa inafa kalekale, moti inkangolira osakoka mpweya, ndipo ngalande ya padenga inkathira madzi pakhoma la chipinda chomwecho. Zaka zonse zija mayi ankadziimba mlandu ndi botolo la Jik m'manja, vuto lili panja.

Kukonza kwenikweni

Nkhawa yanga pa lamulo latsopanoli ndi yakuti likhoza kubala akatswiri otsuka makoma. N'zosavuta kutumiza mnyamata ndi mankhwala ndi burashi pasanathe masiku asanu, n'kulemba m'kompyuta kuti ntchito yatheka. Pakatha miyezi itatu nkhungu yabwerera, mwayambiranso. Kumeneko n'kupaka penti kuja anauzidwa a Abdullah, kungoti tsopano wopakayo wavala yunifolomu.

Kukonza koona ndinakuona pa mdadada wathu. Anayamba ndi denga ndi ngalande. Kenako anakutira makoma akunja ndi zinthu zosunga kutentha, zosayaka, n'kupaka pulasitala pamwamba. Anasintha mazenera n'kuika okhala ndi timipata topitira mpweya pamwamba, ndipo kubafa ndi kukhitchini anaika mafani oyenda okha pang'onopang'ono usana ndi usiku. Ntchitoyo inatenga miyezi, fumbi linali paliponse, ndipo zitsulo zokwerapo amisiri zinatitsekera kuwala nyengo yonse yotentha. Tinadandaula, inenso ndinadandaula nawo. Koma nyengo yozizira yotsatira ndinadzuka m'mawa wina n'kupeza galasi la zenera lili louma, chinthu chimene ndinali ndisanachionepo m'nyumba imeneyo. Mayunitsi a gasi anayambanso kukhalitsa.

Mafani aja ndi ofunika kuposa mmene anthu amaganizira. Nyumba ukaimata bwinobwino osaipatsa potulukira mpweya, imasanduka poto wovundikira, ndipo nkhungu imachuluka kuposa kale. Agogo ena amene ndimawasamalira ankazimitsa fani yawo pa switchi poopa bilu, ndipo timipata ta pazenera anatimata ndi tepi chifukwa ankati tikulowetsa mphepo. Palibe anawafotokozera kuti kafani koteroko kamadya magetsi ochepa kwambiri. Amisiri anangoika n'kumapita. Ndinawafotokozera ndine, tikumwa tiyi, ndipo tepiyo tinamatula limodzi.

Zonsezi zimafuna ndalama, ndipo eni nyumba akukokedwa mbali zitatu: kuchotsa zokutira zoyaka zija pambuyo pa Grenfell, kukonza nyumba zakale kuti zizifunda, ndi kumanga zatsopano za anthu ali pamzere aja. Mu Juni 2025 boma linalonjeza mapaundi 39 biliyoni pa zaka 10 omangira nyumba zotsika mtengo, ndipo linalola kuti kuyambira mu Epulo 2026 lendi izikwera chaka chilichonse ndi 1 peresenti pamwamba pa kukwera mitengo kwa zinthu. Kunena kwina, mbali ina ya ndalama zokonzerazo ichokera m'matumba mwathu momwemu. Ine sindikana kulipira, bola ndizione pakhoma. Mabungwe akamalira kuti ndalama n'zochepa, pena amanena zoona. Koma ku Rochdale chimene chinasowa sichinali mabiliyoni. Inali fani, ndi munthu woti awerenge kalata ya wazaumoyo n'kunyamuka pampando.

Kafukufuku wa boma wa nyumba za ku England amasonyeza kuti pafupifupi nyumba imodzi pa 10 zilizonse za makhonsolo ndi mabungwe siifika pa muyezo wa Decent Homes uja. Kwa alandilodi wamba ndi imodzi pa zisanu. Ndipotu kumeneko n'kumene kuli abale athu ambiri amene abwera zaka zaposachedwapa kudzagwira ntchito yosamalira odwala ndi okalamba, chifukwa viza yawo siwalola kulembetsa nyumba ya khonsolo. Amakhala anayi kapena asanu m'nyumba imodzi, ena m'chipinda cha pansi pa nthaka, ndipo landilodi wake nthawi zina ndi yemweyo amene anawalemba ntchito. Awaab's Law sinawafikebe. Lamulo lina, Renters' Rights Act, limene linavomerezedwa mu Okutobala 2025, linatsegula njira yoti masiku omwewa adzagwirenso ntchito kwa alandilodi wamba. Pakadali pano amene ali m'nyumba zoterozo angathe kuitana a zaumoyo a kukhonsolo ya dera lawo, amene ali ndi mphamvu yoyendera nyumba ya lendi n'kulamula mwini wake kuti aikonze. Mtsikana wina wa kuntchito kwathu ndinam'lembera nambala yake pakapepala mwezi watha. Akuti akuganizirabe, poti landilodiyo ndi amenenso amam'tenga pa galimoto popita kuntchito.